Makonde a masitolo a pa Lizulu

Basi ikaima pa Lizulu masiku ano, usanatsegule n'komwe zenera mabeseni amakhala atafika kale: kachewere, kabichi, tomato, anyezi, karoti, ndipo nyengo yake ikakwana, mapichesi. Apaulendo amanenerera, n'kugula, basi n'kunyamuka. Ndi ochepa amene amaponya maso kuseri kwa amayi ogulitsawo, kumene kuli nyumba zakale za makonde aatali, zina zopakidwa utoto wa makampani a foni, zina malata ake atafiira ndi dzimbiri ngati katondo. Ine maso anga amathamangira komweko. Ndinakulira pa makonde amenewo, ndipo ndikhoza kukulozerani pamene panali sikelo, pamene panali makina a telala, ndi pamene ndinataya sheleni ya agogo n'kulira tsiku lonse.

Kwa amene sanapiteko, Lizulu ili m'boma la Ntcheu, pamsewu waukulu wa M1 pakati pa Dedza ndi boma la Ntcheu, pamtunda pamene mu Juni mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Msewuwo ndiwo malire. Kum'mawa ndi Malawi, kumadzulo ndi Mozambique, dera la Angonia. Munthu akawoloka phula kukapempha moto ndiye kuti watuluka m'dziko. Komabe anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, Angoni olankhula Chichewa, okwatirana, oikana maliro. Malirewo anali a maboma, ife tinkangowapondaponda.

Ndili mwana, mawu akuti "sitolo" ankatanthauza kwa mwenye. Chimene chinkayamba kukulonjera pakhomo chinali fungo: nsalu yatsopano, palafini, sopo wa Sunlight, ndi kafungo kena ka zofukiza kochokera kuseri kumene banja lake linkakhala. Mkati munali kamdima. Maso akazolowera, unkaona mashelefu ofika kudenga, mipukutu ya nsalu itasanjikizana, mabulangeti a Chiperoni, nsapato za Bata zitamangidwa ziwiriziwiri, mapoto ndi mabeseni atapachikidwa pa waya, makasu ataunjikidwa pakona. Pansi panali matumba a mchere ndi shuga, pakamwa pake atapindira kunja. Pafupi ndi kabati ya ndalama ndi pamene pankakhala tinthu ting'onoting'ono tosachedwa kulowa m'thumba la munthu: singano, ulusi, malezala, machesi a Leopard, Cafenol, mabatire a wailesi, ndi botolo lalikulu la maswiti limene tonse ana tinkaliyang'ana ngati likutiyitana. Pa kauntala anakhomerapo muyeso wa yadi, ndipo thabwa lake linali litasalala chifukwa cha nsalu zimene zinakokedwapo zaka zambirimbiri.

Agogo anga aakazi sankalowa m'sitolo mothamanga. Ankayamba akhala pakhonde, kupuma, kufunsa za odwala kwa aliyense amene anali pamenepo. Akalowa, ankaloza nsalu imene sakuifuna, kuti mwenye asadziwe pamene pali mtima wawo. Ikatsitsidwa yachitatu kapena yachinayi, ndiyo inali yeniyeniyo. Ankaikhudza, kuiyang'anitsa kuwala kwa pakhomo, nthawi zina kunyowetsa kansonga ndi malovu kuti aone ngati isuluka.

"Bwana, imeneyi ndi zingati?"

Akamva mtengo ankagwira pakamwa, n'kutembenuka ngati akupita. Mwenye ankawaitana, "Mayi, bwerani, tikambirane." Onse awiri ankadziwa kuti sapita kulikonse. Pomaliza agogo ankamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, kuwerenga makobidi limodzilimodzi, kenaka n'kuima osasuntha mpaka atalandira basela: kamchere m'pepala, singano, kapena switi ya mdzukulu. Kugula popanda basela kwa iwo kunali kuberedwa.

Ndalama zinasintha mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi, masheleni ndi makobiri. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, sheleni inasanduka 10 tambala. Agogo anakana kusintha. Mpaka imfa yawo 10 tambala inali sheleni, ndipo makwacha awiri anali paundi. Mwenye, amene ankawerengera m'mutu mwachangu kuposa aphunzitsi athu a samu, ankawauza mtengo m'masheleni, n'kulemba m'buku mwake m'matambala.

Buku limenelo ndi limene anthu ambiri amaiwala akamakumbukira masitolo aja. Linali lalikulu, lachikuto cholimba, ndipo munali maina a theka la midzi yozungulira. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, anthu ankatenga mchere, sopo, palafini ndi nsalu ya maliro pa ngongole, kudzabweza akakumba kachewere kapena akagulitsa chimanga ndi nyemba kumsika wa ADMARC, umene akuluakulu ankautchulabe Farmers Marketing Board ngakhale dzina linasintha mu 1971. Sindikufuna kumudzoza mafuta mwenyeyo. Ngongoleyo inali chingwe: wolembedwa m'buku sankagula kwina, ndipo sankanenerera kwambiri. Anyamata ake a m'sitolo ankalandira zochepa, ankagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, ndipo sindinaonepo mmodzi wa ife atakhala naye pa mphasa imodzi kudya. Tinakhala moyandikana zaka zonsezo osalowana m'nyumba. Koma ndi zoonanso kuti usiku, munthu akamwalira, mwenyeyo ankagogodedwa, n'kudzuka, n'kudula nsalu osafunsa ndalama.

Moyo weniweni wa sitolo unali panja, pakhonde. Pamenepo pankakhala telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi mapazi, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Munthu ankagula nsalu mkati, kutuluka masitepe atatu, n'kuyesedwa pomwepo. Telala wathu anali bambo wamfupi wosakonda kuseka, amene lonjezo lake la "mawa" linkatha sabata ziwiri, makamaka Khirisimasi ikayandikira kapena sukulu zikamatsegulidwa. Yunifolomu yanga yoyamba anaisoka yaikulu dala, akuti ndikuliremo. Ndinakuliramodi, zaka zitatu.

Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi madiresi osabisa mawondo, linamubweretsera ntchito imene sanaipemphe. Atsikana obwera kuchokera ku Blantyre kapena ku Salisbury ankafikira pakhonde pake kuti awamasulire mpendero kapena awalumikizire kansalu m'munsi asanapite kumsika. Ndiponso pakamveka kuti Kamuzu adutsa kapena kuli msonkhano, makina ankalira mpaka usiku ndi nyali, kusoka nsalu za mbumba zokhala ndi nkhope yake, zochokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre.

Pakhonde lomwelo panali wosoka nsapato, amene ankadula matayala akutha kupanga nkhwaira, ndi wokonza mawotchi, amene ankavala kagalasi diso limodzi. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo, wokonza njinga ankamata machubu a Humber ndi Raleigh, beseni la madzi akuda lili pambali pofufuzira pobooka. Ndipo panali madoda a bawo. Amenewa sankagula kanthu, koma sitolo yopanda iwo inkaoneka ngati yatsekedwa. Kwa iwo ndi kumene ndinamva koyamba, ndikunamizira kudikira chenje, za Inkosi Gomani yachiwiri, Philip, amene likulu lake linali pa Lizulu pomwepa: momwe anakanira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, momwe boma la atsamunda linamuchotsera pa ufumu, momwe anawolokera malire usiku ali wodwala, Apwitikizi n'kumubweza, ndi momwe anamwalirira chaka chotsatira kutali ndi kwawo. Nkhani za azungu ankazikamba mokweza. Za boma la nthawiyo ayi. Pakafika munthu wachilendo wovala bwino, nkhani inkasanduka ya mvula ndi matenda a ng'ombe, ndipo pankangomveka kulira kwa nkhomo m'maenje a bawo. Pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani ofunsa khadi, choncho aliyense ankayenda nayo m'thumba ngati chiphaso cha chipatala.

Tsidya la msewu kunali dziko lina la malonda. Apwitikizi anali ndi makantini awo, nyumba zolimba za makoma okhuthala, ndipo mmenemo munali zinthu zimene kwa mwenye kunalibe: vinyo wa m'mabotolo aakulu olukiridwa, nsomba za m'zitini, bakayawo wouma ngati thabwa, ndi buledi wa khungu lolimba amene fungo lake linkawoloka malire popanda chiphaso. Abambo ankapita kumeneko masana n'kubwerako madzulo akuyenda mokhotakhota, akuimba ngoma. Ndalama za mbali zonse ziwiri zinkayenda, ndipo amayi osadziwa kulemba dzina lawo ankasintha eskudo kupita ku tambala osaphonya. Mozambique italandira ufulu mu Juni 1975, eni makantini aja ananyamuka. Uku kunali kuchoka koyamba kumene ndinakuona ndi maso anga.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, masitolo anali atalandira kale nkhonya ina. Ndalama zambiri zimene zinkagula njinga, mawailesi a Nzeru, malata ndi masuti zinkachokera ku Joni. Munthu wobwera ku Wenela ankadziwika ndi chipewa, sutikesi yachitsulo ndi kayendedwe, ndipo mwenye ankamutulutsira mpando. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ulendo wa ku migodi unadzatsegulidwanso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la TEBA, koma sunabwererenso mwakale, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 unatheratu.

Kenaka inafika nthawi ya amwenye. Boma linayamba kuwauza mu 1970 kuti achoke kumidzi, malonda a kumeneko asiyire eni dziko, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, monga Blantyre ndi Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Ndikukumbukira malole ataima chammbuyo pakhonde, anyamata akukweza mipukutu ya nsalu, makabati ndi mabedi. Ena mwa ife tinkaombera m'manja. Tinkati nthawi yathu yakwana, ndipo pa mfundo yake panalibe cholakwika: chifukwa chiyani mwana wa pamudzi azingokhala wonyamula matumba m'dziko lake lomwe? Agogo anaonerera ali chete, kenaka anati, "Mlendo ndi mame," n'kufunsa funso limene palibe anayankha: "Nanga bukulo apita nalo?" Anapita nalo. Ena anakondwa kuti ngongole zawo zafera m'njira. Januwale wotsatira ndi pamene anazindikira kuti kulibenso kokalembetsa.

Amalume anga anali mmodzi mwa amene analowa m'masitolo aja. Anali atagwirako ntchito ku Rhodesia, anali ndi kandalama, ndipo ankadziwa kulemba bwino. Tsiku lotsegulira tinapha mbuzi. Dzina lawo linalembedwa pamwamba pa khomo ndi utoto wofiira, ndipo amayi anga ankayenda mumsika mutu uli m'mwamba. Patatha zaka ziwiri mashelefu a pamwamba anali opanda kanthu. Patatha zinayi amalume ankayala mapaketi a machesi motalikirana kuti shelefu ioneke yodzaza.

Anthu amakonda kunena kuti Amalawi sitidziwa bizinesi. Ine ndinaona zimene zinachitika m'sitolo imeneyo, ndipo nkhani yake si yophweka chotero. Mwenye sanali yekha. Kumbuyo kwake kunali mchimwene kapena mlamu wake ku Limbe, wa sitolo yopikulitsa, amene ankamutumizira katundu pa ngongole n'kudikira miyezi. Amalume anapatsidwa nyumba ndi mashelefu, koma chingwe chimenecho sanapatsidwe. Ankakwera basi ya UTM kupita ku Chipiku kuboma ndi ndalama m'manja, kugula zimene ndalamazo zikanatha, n'kubwera nazo padenga la basi. Zinthu zambiri zofunika mitengo yake inali yoikidwa ndi boma, phindu lake la matambala. Ndiye panali ife. Mwenye ukamupempha shuga waulere ankangoseka. Amalume akanamukana bwanji mlongo wawo, apongozi awo, mwana wa mfumu? Maliro alionse a pamtundu nsalu inkachokera m'sitolo, fizi ya ana asanu inkachokera m'kabati. Nawonso anali ndi buku la ngongole, koma lawo linali lodzaza ndi anthu amene sungawatumire kapitawo. Ndikati ndiwerenge amene anadya sitolo ija, dzina langa lilipo: nsapato zanga zopita nazo ku sekondale zinachokera momwemo.

Malonda sanafe ayi, anangochepa msinkhu. M'malo mwa sitolo yaikulu kunabwera golosale ndi okala, kachipinda ka zenera limodzi kogulitsa shuga wa pa supuni, mafuta ophikira a m'kabotolo, ndudu imodziimodzi, sopo wodula. Ofuna zinthu zapamwamba, monga Stork kapena Sobo wa alendo, ankadikira wopita kuboma kuti akawagulire ku PTC.

Malo awiri amene sanagwedezeke m'zaka zonsezi anali tiyirumu ndi chigayo. Tiyirumu inali ya mayi wina wamasiye wa mawu aakulu, amene ankadzuka nkhuku zisanalire kukoleza moto pansi pa mgolo wodula pakati. Tiyi wake wa Chombe ankabwera m'kapu yachitsulo yotentha milomo, mkaka wa ng'ombe za konkuno, ndi sikono yaikulu ngati chibakera. Alimi obwera ndi ngolo za kachewere usiku, madalaivala a malole, aphunzitsi kumapeto kwa mwezi, onse ankakhala pa benchi limodzi. Iye analibe buku. Ngongole zonse zinali m'mutu, ndipo wozemba ankakumbutsidwa pamaso pa anthu, mokweza, ndi mfunda wake womwe. Palibe ankafuna kumva kawiri. Chigayo nacho chinali cha dizilo, chogunda mpaka kumveka kumidzi, ndipo wogayitsa wake ankakhala woyera ndi ufa kuyambira tsitsi mpaka nsidze, moti tinkamuyesa nkhalamba pamene anali mnyamata. Mzere wa madengu pakhomo pa chigayo ndiwo unali nyuzipepala ya amayi. Ukwati umene ukugwedezeka unkadziwika kumeneko ankhoswe asanamve.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika ku Angonia, makamaka kuyambira 1986, tsidya lija linasanduka bwinja. Makantini a Apwitikizi anatsala makoma okhaokha, opanda madenga, obookabooka ndi zipolopolo, ndipo aliyense woyenda pa M1 m'zaka zimenezo anawaona. Anthu anawoloka ndi mitolo pamutu. M'dziko lonse othawa nkhondo anafika pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo kwathu kuno ambiri sanapite kumisasa yotchingidwa, anangomanga pafupi ndi abale awo. Usiku tinkamva mfuti, m'mawa msika unkadzaza kuposa kale. Ufa, nyemba ndi mafuta a chithandizo zinkasinthidwa ndi sopo, mchere ndi ndiwo zamasamba, chifukwa munthu sangadye nyemba zokhazokha chaka chonse. Nkhuni zinayamba kugulitsidwa, mapiri n'kumetedwa. Amene anali ndi okala nthawi imeneyo anapeza ndalama, ngakhale sakonda kuzikamba. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo minda ya tsidya inayambanso kutumiza kachewere ndi chimanga kumsika wathu.

Zosintha zina zinabwera mothamanga. Mu 1993 tinavotera zipani zambiri, mu 1994 kwacha inamasulidwa n'kuyamba kugwa, ndipo aliyense anakhala wamalonda. Mabelo a kaunjika anatsegulidwa pabwalo la msika, malaya a ku Ulaya otsika mtengo kuposa ulusi ndi nsalu. Telala wathu, amene anapirira kuchoka kwa mwenye n'kukhalabe pakhonde lomwelo pansi pa eni atatu osiyanasiyana, anagonja kwa kaunjika. Masiku ake omaliza ankangochepetsa mathalauza a anthu ena ndi kuika zigamba. Atamwalira, makina ake anagulidwa ndi mnyamata wina amene anawanyamula pa njinga kupita nawo ku Mozambique. Wokonza mawotchi anamalizidwa ndi foni. Ku positi ofesi, kumene tinkaima pamzere kudikira ndalama za abambo ochokera ku Joni ndi kusungitsa makobidi m'kabuku, ntchito yake inatengedwa ndi tizikwangwani ta Airtel Money ndi Mpamba tomwe tapachikidwa pakhomo lililonse.

Chaka chatha ndinaima pakhonde la amalume. Sitolo ija anaigawa patatu: kwina akugulitsa feteleza ndi mbewu, kwina akutchaja mafoni ndi kumeta, kwina n'kotseka. Pamene pankakhala madoda a bawo paima anyamata a kabaza ndi njinga zamoto. Ndinafunsa mnyamata wometayo ngati akudziwa kuti nyumbayi inamangidwa ndi yani. Anati, "Bambo, ineyo ndimangolipira lendi." Sindinamuimbe mlandu. Pa simenti ya pakhonde pakadali timaenje tinayi pamene miyendo ya makina a telala inadya pansi, ndipo ndinamuonetsa. Anayang'ana mwaulemu, n'kubwerera kwa kasitomala wake.

Ndikaganiza bwino, tinkalakwitsa poyesa kuti chuma cha Lizulu chili m'masitolo. Mpwitikizi anapita, mwenye anapita, amalume anagwa, ngakhale PTC imene tinkaiona ngati phiri inatseka zitseko. Amene sanachoke ndi amayi a mabeseni aja. Ndalama zonse zimene zinkalowa m'kabati ya mwenye zinkayambira m'dimba, pa khasu, pa mutu wa mayi wonyamula dengu kuchokera kumudzi mdima usanathe. Agogo anga anali mmodzi wa iwo, amayi anganso, ndipo palibe amene dzina lake linalembedwapo pamwamba pa khomo ndi utoto wofiira. Lero adzukulu awo ndi amene akudyetsa Lilongwe ndi Blantyre kabichi ndi kachewere, akadali panja, padzuwa ndi pamphepo, m'mphepete mwa msewu umene malole amadutsa mothamanga.

Mukadzaima pa Lizulu, tsikani m'galimoto. Gulani kwa mayi amene wakhala pansi, osati pazenera pokha, ndipo nenererani pang'ono chifukwa ndi mwambo wake, koma musamufinye. Mukalipira, imani kaye osasuntha. Basela akadaperekabe.